Abakha a pa Windo: Nkhomaliro ya 18 Yuan ku Guangzhou

Bakha woyamba amene ndinayang'anizana naye ku Guangzhou, mzinda wa ku China, anali ndi mutu wake womwe. Anamukoloweka pa mbedza kuseri kwa galasi, khosi litapindika ngati ndodo ya agogo, mlomo uli pansi, thupi lonse lili psuu, mafuta akudonthera m'thileyi limodzilimodzi ngati denga la udzu mvula itangokata. Pambali pake panali anzake angapo, kenaka nkhuku zachikasu, kenaka mizere ya nyama yofiira yomwe sindinaizindikire, ndipo kumapeto kwenikweni chibanthu cha nkhumba chachikulu ngati chitseko cha kabati. Nthawi inali itangopitirira 1 koloko masana ndipo m'mimba mwanga munali mutayamba kale nyimbo za maliro.

Linali tsiku langa lachisanu ndi chinayi mumzindawo, ndipo ndiulule pano pomwe kuti masiku onsewo ndinali ndisanalaweko chakudya cha eni dziko.

Ndili ndi kashopu ka zovala za amayi ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri ndinkaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam, nthawi zina ku Johannesburg, mpaka anzanga a geni anandiseka kuti ndikugula madzi kwa munthu amene watunga pa chitsime chomwe inenso ndingafikepo. Ndinalimba mtima. Tsoka lake ndinalimba mtima nthawi yolakwika, patangopita miyezi yochepa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dola iliyonse imene inali m'chikwama changa ndinaipeza ndi thukuta komanso ndi mawondo, chifukwa ina ndinachita kugwadira anthu. Ndiye pokwera ndege ya ku Addis Ababa, kenaka ina ya usiku wonse mpaka pa bwalo la Baiyun, ndinali nditalumbira kuti ndalama ya katundu sidzalowa pakamwa.

Kunyumba anandikonzekeretsa ngati ndikupita ku nkhondo. Apongozi anga anatumiza ufa woyera, mayi akunyumba analongedza chiponde ndi mtedza wokazinga, ndipo aliyense amene ndinatsanzikana naye, kuyambira mlonda mpaka mkulu wa mpingo, anali ndi nthabwala imodzi yomweyo: "Mukadye agalu bwino kumeneko." Ndinkaseka nawo, koma mawu obwerezedwa kakhumi amamera mizu.

Ndinafikira ku Xiaobei, dera limene Aafirika ambiri obwera koyamba amafikira. Ukatuluka pa siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka umamva Chifalansa cha ku Kinshasa, Chiswahili, Chingerezi cha ku Lagos, ndipo fungo lake ndi la nyama ya nkhosa yootchedwa ndi Asilamu a ku China komweko, a mtundu wa Hui ndi Uyghur. M'nyumba zosanjikizana muli makhitchini a Aafirika amene sungawapeze popanda wokulondolera. Ine ndinapeza a Mtanzania wina amene ankaphika ugali wolimba ngati njerwa, mbale imodzi ma yuan 45, ndalama ya ku China. Tsiku limene ndaona kuti 45 yachuluka, ndinkadya buledi ndi chiponde m'chipinda, chitseko chili chotseka ngati ndaba. Ufa wa apongozi unangogona m'sutukesi chifukwa mu hotela munalibe pophikira.

Mnzanga amene ndinayenda naye, wa ku Mangochi, anali ndi chifukwa chomveka chosankhira kodyera. Ndi Msilamu, ndipo ku Xiaobei chakudya cha halali chili khomo lililonse. Nanga ine, munthu woti Loweruka silidutsa osaima pa chiwaya kudya kapado, chifukwa changa chinali chiyani? Mantha basi. Nkhani ya agaluyo si yopeka yonse ayi, madera ena a China alipo amene amadya, ngakhale kuti ambiri sadya ndipo mzinda wa Shenzhen, womwe uli pafupi ndi Guangzhou, unaletsa mu 2020. Koma ife amene timaimitsa basi pa msewu wa M1 kugula mbewa zopanidwa pa kamtengo, amene timathamangira ngumbi ndi beseni mvula yoyamba ikagwa, tilibe pakamwa poseketsa mbale ya mnzathu.

Tsiku limenelo ndinalawirira ku Shisanhang, msika wa zovala wa pikulitsa ku dera lakale la Liwan. Dzinali limatanthauza nyumba 13 za malonda. Kuyambira 1757 mpaka 1842 mafumu a China ankalola azungu obwera pa nyanja kuchita malonda pa doko limodzi lokha, la Canton, lomwe ndi Guangzhou yemweyu, ndipo ankawasunga m'kadera kameneka m'mphepete mwa mtsinje wa Pearl. Iwo ankabwerera tiyi, silika ndi mbale zadothi. Lero tikubwera ndife, kudzakanganirana mtengo wa madiresi pa kakyuleta. Msikawu ndi wa m'mawa, ukamafika masana ambiri amakhala akulongedza. Mnyamata wa kwathu amene amaphunzira uinjiniya kumeneko, yemwe amapezako ya sopo potanthauzira amalonda, anali ndi mayeso, choncho ndinali ndekha ndi zala zanga khumi.

Mabelo anga atatu anandinyamulira mdala wina woonda, wa kathawulo m'khosi, pa kangolo kake kachitsulo. Munthu wa msinkhu wa bambo anga aang'ono, koma akakoka ngoloyo m'chinamtindi cha anthu ndinkachita kuthamanga kuti ndisamutaye. Titatula katundu kwa omanga mabelo ndi kumulipira, anandiyang'ana, nayang'ana mimba yanga, kenaka anaika dzanja lamanzere pansi pa chibwano ngati mbale, zala ziwiri zamanja zikukankhira m'kamwa. Sanadikire yankho. Anakhoma ngolo yake ndi tcheni pa mzati n'kulowa m'kanjira, ine pambuyo.

Ndi m'kanjira mmenemo momwe ndinakumana ndi bakha uja.

Kanyumbako kanali kochepa kuposa shopu yanga. Matebulo asanu, mipando ya pulasitiki yopanda potsamira, matailosi oyera mpaka kudenga, mafani awiri akukankha mpweya wotentha uku ndi uku. Pakona pansi panali kaguwa kofiira, malalanje atatu ndi lubani akufuka. Pakhoma panali chikwangwani cha zilembo zomwe kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma manambala ndinawerenga: 15, 18, 22, ndi pansi penipeni 35. Anthu anali tho, onyamula katundu, atsikana ogulitsa m'mashopu, anyamata a njinga zamoto ovala zipewa zachikasu ndi zabuluu odikira maphukusi oti akapereke. Palibe anandicheukira kupitirira kamodzi. Zinandikhumudwitsa pang'ono, kunena zoona. Ndinkadziona ngati ndachita chinthu chachikulu polowa.

Chimene chinandichotsa mantha si kulimba mtima. Ndi windo lija. Nyama yonse ili poyera, ndi mutu, ndi mapazi, ndi nthiti. Bakha akuoneka kuti ndi bakha. Palibe msuzi wobisa kanthu, palibe khitchini ya kuseri kumene mbale imatulukira itavundikiridwa. Umaloza chimene ukufuna ndipo amachidula iwe ukuona. Ndinaloza nyama yofiira ija, kenaka chibanthu cha nkhumba. Mayi wa pa kauntala anaimika zala ziwiri, ine ndinagwedeza mutu, iye analemba 18 pa kakyuleta n'kunditembenuzira. Pa nthawiyo inali ngati madola awiri ndi theka, kapena K4,000 ndi kanthu pa mtengo wa ku banki, umene tonse tikudziwa kuti unali wa m'nyuzipepala chabe.

Tsopano ndikuuzeni za bambo wodula nyama, chifukwa ndi iye amene wandilembetsa zonsezi.

Anali m'kachipinda ka magalasi kokwana munthu mmodzi, atavala vesiti yoyera ndi epuloni yomwe inasiya kalekale kukhala yoyera. Patsogolo pake panali chipika chozungulira, chodulidwa ku thunthu la mtengo, chokhuthala ngati tayala la lole, pakati pake patakumbika ngati mtondo woyamba kumene chifukwa cha zaka za kumenyedwa. Mpeni wake unali umodzi, wotambalala ngati buku la nyimbo. Anatsitsa mzere wa nyama yofiira pa mbedza, sanayeze pa sikelo, sanayang'ane n'komwe bwinobwino, amvekere gu gu gu gu gu, zidutswa zisanu ndi chimodzi zofanana ngati zatuluka m'chikombole. Analowetsa mpeni pansi pake, zonse zinakwera pa mpeniwo zili pa mzere, nazitsetsereka pamwamba pa mpunga. Nkhumba ija anaigoneka chikopa pansi, naika mpeni, naumenya pamsana ndi chikhatho, chikopa chimvekere khwa, osaphwanyika, osasiyana ndi mnofu. Chipande cha msuzi wakuda pa mpunga, timapesi tiwiri ta masamba pambali, mbale pa windo. Mphindi imodzi sinakwane. Anapala chipika ndi mpeni womwewo kawiri, ali kale pa bakha wa munthu wina.

Ndinakumbukira abutchala athu ena amene amadula mbuzi ndi nkhwangwa, fupa n'kumwazika tizidutswa tomwe umakatipeza ndi dzino pakudya. Apa fupa la bakha limadukira pamodzi, mwaukhondo, ngati nzimbe.

Mdala uja anali atandisungira mpando pa tebulo la anthu ena atatu osadziwana. Kumeneko sapempha, mpando ukakhala wopanda munthu ndi wako. Pa tebulo panali ketulo ya tiyi wopanda shuga ndi kabeseni ka pulasitiki. Ine ndi ludzu langa ndinathira tiyi m'kapu n'kugugudiza. Nditatsitsa kapu ndinaona mdala akuthira tiyi yemweyo m'kapu yake, akutsukiramo timitengo todyera ndi supuni, akuzunguza, n'kukhuthulira m'kabeseni. Kapu yoyamba ndi yotsukira. Mtsikana amene anakhala moyang'anizana nane anabisa pakamwa ndi foni. Sindinafe. Ndipo ndinaona kuti si zachilendo kwenikweni, nafenso sitigwira nsima beseni la madzi lisanazungulire.

Timitengo tinandikana. Ndinayesa katatu, chidutswa cha nkhumba chinathawira pa tebulo, ndipo mayi wa pa kauntala, osanena kanthu, osasekanso, anabwera n'kuika supuni yachitsulo pambali pa mbale yanga ngati mmene mayi amaperekera mpango kwa mwana wa chimfine.

Nyama yofiira ija itangofika pa lilime ndinaima kutafuna. Shuga! Shuga mu ndiwo! Kwathu munthu akathira shuga mu nkhumba tingamutengere kwa abusa. Ubongo unkati lavula, koma pakamwa panakana, chifukwa kuseri kwa kutsekemerako kunabwera mchere, kenaka kafungo ka utsi, kenaka m'mphepete mopserera mowawira pang'ono ngati nkhoko za pansi pa mphika, ndipo mafuta ake anasungunuka osadikira dzino. Nditaphatikiza ndi mpunga wonyowa ndi msuzi uja ndinamvetsa kuti shugayo sanapangidwire kudyedwa payekha. Mpunga wosathira mchere umamulandira, n'kumufatsitsa. Chidutswa chachitatu ndinali nditaleka kutsutsana nacho.

Nkhumba ya chikopa sinafune kukambirana. Imeneyo Mmalawi aliyense angaimve popanda womasulira. Chikopa chokhuthala ngati bisiketi, chodzaza timatuza, chophwanyika ndi phokoso lomveka m'makutu mwako momwe. Pansi pake mafuta, kenaka mnofu, kenaka mafuta ena, kenaka mnofu wamchere wonunkhira zokometsera. Ndadya kapado kuyambira ku Chigwirizano mpaka ku Lunzu, ndipo chikopa chake nthawi zambiri chimakhala mpira woti utafune mpaka nsagwada zitope, kapena mwala wothyola dzino. Sindinadziwe kuti pakati pa mpira ndi mwala pali malo.

Masamba aja anandiseketsa ndekha. Kuyambira ndili mwana takhala tikugula ndiwo pa msika zomwe timazitcha chayinizi, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti dzinali likuloza dziko lenileni. Awa anali achibale ake, a timaluwa tachikasu, amawatcha choy sum, owiritsidwa pang'ono chabe, opanda tomato, opanda anyezi, akadali obiriwira ngati ali m'dimba. Mayi anga akanati ndiwo zosapsa. Panabweranso kambale ka msuzi wa mafupa wowira nthawi yaitali, waulere, womwe poyamba ndinaukankhira kutali poopa kuti awonjezera pa bilu.

Mdala anadya ngati munthu amene ngolo ikumudikira. Mbale pafupi ndi kamwa, timitengo tikugwira ntchito ngati fosholo, mafupa a bakha akulavulira pa tebulo pambali pa mbale monga ankachitira wina aliyense. Atamaliza analoza foni yake pa kachithunzi ka madontho kokhomedwa pakhoma, kamakina kanalankhula kutsimikiza kuti ndalama yalowa, anandigwira paphewa n'kutuluka. Sindinamuonenso. Ine ndinatulutsa pepala la ma yuan 100, lofiira la nkhope ya Mao, mtsogoleri wakale wa China, ndipo mayi uja analiyang'ana ngati ndamupatsa cheke. Anatsegula kabati, anasanthula m'chitini cha mabisiketi, anakafunsa kwa wogulitsa zipatso pakhomo, mpaka chenji chinakwana. Kumeneko ngakhale wogulitsa mbatata yootcha amalandira ndalama pa foni, kudzera pa WeChat kapena Alipay.

Madzulo ndinamuonetsa mnyamata wotanthauzira uja zithunzi.

"Ankolo, mwalowa nokha mmenemu?"

"Ndi mdala wina wa ngolo."

"Ndiye mwadya bwino kuposa mabwana onse amene ndawaperekeza chaka chino. Iwo amafuna kwa magalasi akuda ndi zoziziritsa mpweya."

Ndi iye anandipatsa mayina. Nyama zootcha zonsezi pamodzi, m'Chikantoni, chiyankhulo cha eni mzindawo chomwenso amayankhula ku Hong Kong, amazitcha siu mei. Yofiira ija ndi char siu, kutanthauza yootcha pa foloko, chifukwa amaibaya pa zitsulo zazitali. Ya chikopa ndi siu yuk. Iye anaphunzira Chimandarini, chiyankhulo chachikulu cha dziko la China, ku yunivesite, ndipo anavomera kuti eni kanyumba ngati kameneko akamacheza okhaokha naye amangotola mawu apa ndi apo. Anandiphunzitsa awiri oti ndikagwiritse ntchito: m goi, kuthokoza wokutumikira, ndi bun fei sau, kupempha nyama ya theka mafuta theka mnofu.

Kenaka ananena chinthu chimene chinandikhazika chete. Mawu akuti fan amatanthauza mpunga wophika, komanso amatanthauza chakudya chonse. Anthu akakumana amafunsana ngati wadya mpunga, monga moni. Chilichonse cha pambali, nyama kaya masamba, chili ndi dzina lake limodzi, ndipo ntchito yake ndi kuperekeza mpungawo kukhosi. Ndinati, aise, imeneyo ndi nsima ndi ndiwo. Ife munthu atha kudya tchipisi, buledi, mazira ndi nthochi tsiku lonse, ukamufunsa madzulo akuuza kuti lero sindinadye. Mbale ija ndinaiona mwatsopano: phiri la mpunga, tinyama towerengeka pamwamba, msuzi wonyowetsa. Ndi mbale ya munthu wogwira ntchito ya thukuta, amene amadziwa kuti ndiwo satapa ngati nsima. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mpunga, ngakhale wa Kilombero wonunkhira uja wa ku Karonga, timauona ngati wa Khirisimasi ndi ukwati, ndipo ukatha timafunsa ngati nsima ikubwera.

Ndinabwererako kanayi m'masiku asanu amene anatsala.

Ulendo wina ndinafika cha m'ma 10 koloko, asanayambe kugulitsa, ndipo chitseko cha kumbuyo chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Ndinaima pakhomo ngati mwana woonerera okonza galimoto. Bambo uja anandizindikira, sanandithamangitse. Uvuni wake unali ngati mgolo waukulu wachitsulo wofika m'chifuwa, wotupa pakati, wa chivundikiro pamwamba, moto uli pansi. Nyama saigoneka pa waya ngati kanyenya wathu. Amaikoloweka m'kati mozungulira, ikulendewera, moti moto suikhudza, imapsa ndi mpweya wotentha ndipo mafuta amatsika okha. Wake unali wa gasi. Akuluakulu a kumeneko amati tsekwe weniweni ndi wootchedwa ndi nkhuni za mtengo wa zipatso wotchedwa lychee, monga momwe ife timanenera kuti nsima ya pa nkhuni siifanana ndi ya pa magetsi.

Pakhoma panalendewera abakha a mawa, oyera mbuu, otupa ngati mpira, fani ikuwapemerera. Zimene ndinaona ndi zimene mnyamata uja anandifotokozera pambuyo pake zinagwirizana. Bakha amamuthira zokometsera ndi msuzi m'mimba, n'kusoka pobowolapo ndi kachitsulo kuti msuziwo uwire m'kati. Amamupopa mpweya pakati pa khungu ndi mnofu, amamukhuthulira madzi owira kuti khungu likungike, amamupaka madzi a vinyo wosasa osakaniza ndi shuga wa chimera, kenaka amamuumitsa maola ambiri. Shuga wa chimerayo, womata ngati ulimbo, ndi amene amapereka kuwala kuja. Char siu amaiviika mu msuzi wa soya, shuga, adyo, mowa pang'ono ndi zokometsera zisanu zosinjidwa pamodzi, n'kumaipaka uchi kapena shuga wa chimera uja ikamapsa. Kufiira kwake kwachikale kumachokera ku soya wofufumitsa wofiira, ngakhale ambiri masiku ano amathandizira ndi utoto wa zakudya. Chikopa cha siu yuk amachibaya timabowo tosawerengeka ndi chida cha misomali yambiri, n'kuchiumitsa, n'kuchiotcha mpaka chide, kenaka amapala zakudazo ndi mpeni. Chinsinsi chimene chinandisowetsa tulo chinali chimenecho: timabowo ndi kuuma.

Ndiye kuti mbale yomwe imatuluka pa windo m'mphindi imodzi inayamba dzulo lake. Apa ndi pamene ndinamvetsa kutchipa kwake. Kanyumbako sikaphika zinthu makumi asanu. Nyama zinayi kapena zisanu, mpunga, masamba, basi. Palibe woperekera zakudya, palibe nsalu pa tebulo, palibe amene amakhala kupitirira mphindi 15, ndipo mpando umodzi umadyetsa anthu ambirimbiri dzuwa lisanapendeke. Phindu la pa mbale ndi lochepa, koma mbalezo sizileka kutuluka. Ine amene ndinkadziwa chakudya cha ku China ngati cha m'malesitilanti a ku Lilongwe, kumene umapita bwana akakuitana ndipo umawerenga mitengo kaye usanawerenge zakudya, ndinapeza kuti kwawo kwenikweni chili ndi chiimirire chakenso.

Si zonse zinandikomera. Nkhuku yachikasu ija ndinaiyesa tsiku lachitatu. Amaiwiritsa pang'onopang'ono m'madzi osabwadamuka, n'kuiviika m'madzi ozizira, ndipo amaipereka yosatentha, ndi jinja ndi anyezi wamasamba wosinjidwa m'mafuta. Mnofu wake ndi wofewa ngati papaya, jinjayo ndikanatha kumudya ndi supuni. Koma pa fupa panali pofiira. Eni ake amati ndi umboni wakuti wophika sanaipsereze. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene nkhuku ya chikuda amaiphika mpaka fupa lifewe, ndipo magazi pa fupa ndi mlandu. Ndinadya m'mbalimbali, zotsala ndinazibisa pansi pa mpunga ngati mwana. Pamenepo sindinasinthe maganizo ndipo sindikuona kuti ndidzasintha.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika madzulo ena, cha m'ma 6 koloko, ndikudutsa pa kanjirako pobwerera ku sitima. Matebulo anali opanda anthu, koma pa windo panali mzere. Azimayi ndi zikwama za kumsika, abambo ovala za ku ofesi, gogo wina ndi mdzukulu. Awa sankagula mbale ya mpunga. Ankagula nyama yokha, pa sikelo, theka la bakha, kachidutswa ka char siu, m'kabokosi, kupita nayo kunyumba. M'nyumba zambiri kumeneko mulibe uvuni, kuphika kwawo ndi kokazinga ndi kofutsa pa nthunzi, choncho nyama yootcha ndi ya kogula. Ali ndi mawu akeake a zimenezi, jaam liu, kukadulitsa ndiwo. Mwana akakhoza mayeso, mlendo akabwera mwadzidzidzi, malipiro akatuluka, wina amatumidwa kukadulitsa.

Ndinaona bambo anga. Ankagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo pa mwezi panali tsiku limodzi limene ankafika kunyumba ndi kaphukusi ka nyuzipepala kothimbirira mafuta, kanyenya wa mbuzi, mchere ndi tsabola zili pakona m'kapepala kena. Mayi ankakhala ataphika kale nyemba kapena bonongwe, koma kaphukusiko kakatsegulidwa pa mphasa nyumba yonse inkasintha. Tinalipo ana asanu ndi mmodzi, aliyense zidutswa ziwiri, ndipo mng'ono wanga ankasunga chake chomaliza m'dzanja mpaka nsima ithe kuti atidyere m'maso. Ndinaima m'kanjira ka ku Liwan, mvula ikuwaza, ndikuyang'ana bambo wina akuyendetsa chala pa galasi kusankha mbali ya bakha yonona, ndipo ndinadziwa nkhope za ana amene ankamudikira. Ndinaimba foni kunyumba. Kwathu inali 12 koloko masana, China ili patsogolo ndi maola 6.

"Mwadya, bambo?" anafunsa mayi akunyumba.

"Ndadya nkhumba ya shuga."

"Mwayamba kudwala kodi?"

Tsiku lomaliza, katundu atalowa m'kontena ndipo nditawerenga zotsala, ndinadzipatsa mphoto ya 35 ija. Anali tsekwe. Mnyamata uja anali atandiuza kuti odziwa kudya amalimbirana mwendo wamanzere, ati chifukwa tsekwe amagona ataimira mwendo umenewo ndiye umakoma koposa. Iye mwini ankati ndi nthano. Ndinayesabe. Ndinaloza tsekwe, ndinamenya ntchafu yanga yamanzere. Bambo wodula uja, amene masiku onsewa anali asanandionetse dzino, anaseka mpaka anatsamira chipika, nafuulira mkazi wake zinazake, kanyumba konse kanaseka. Kenaka anatembenuza tsekwe kundionetsa: miyendo yonse iwiri inali itapita kale. Anandidulira pachifuwa, nawonjezera zidutswa ziwiri za char siu zomwe sindinalipire. Tsekweyo anabwera ndi kamsuzi kowawasa ka zipatso kodula mafuta, ndipo khungu lake linali lopyapyala ngati pepala. Ndinati m goi. Anayankha ndi mpeni, gu gu gu, ali pa kasitomala wina.

Ufa wa apongozi ndinamusiyira mnyamata wa yunivesite, amene anaulandira ndi manja awiri ngati sakalamenti.

Nditabwerera ndinayesa. Ndinagula nkhumba ya pamimba, ndinabaya chikopa ndi foloko mpaka dzanja linachita dzanzi, ndinaigoneka mufiriji usiku wonse, magetsi anazima 2 koloko usiku, ndinaiotchabe mawa lake mu uvuni wa sitovu. Theka la chikopa linatuluka bwino ndithu, theka linalo linali lamba. Char siu ya uchi ana anaimaliza, mayi awo analawa kachidutswa kamodzi n'kunena kuti ndisadzaonongenso uchi wa chifuwa.

Loweruka lotsatira ndinapita pa chiwaya changa cha masiku onse. Amene amakazinga pamenepo ndamudziwa zaka zoposa khumi, dzanja lake lili ndi zipsera za mafuta mpaka m'chigongono. Ndinamuonetsa kavidiyo kamene ndinajambula mobisa, ka masekondi 20, bambo uja akudula bakha. Ndinkayembekeza kuti afunsa za mutu wa bakhayo, kapena ayambitsa za agalu zija. Anaonera kamodzi, anapukuta manja pa epuloni, analanda foni, anabwereza kachiwiri ndi kachitatu atayandikiza kumaso. Tchipisi zinayamba kupserera kumbuyo kwake.

"Bwana," anatero, chala chili pansi pa chithunzi pomwe nyama panalibe, "chipika chimenechi ndi cha mtengo wanji?"